Manda Amene Anabzala a Eneya

Ana a masiku ano amaganiza kuti Mphambano inagwa kumwamba ili kale ndi masitolo ake, chigayo chake ndi sukulu yake, ndipo ndikawamva akulankhula choncho ndimapsa mtima. Pamene ndinkabwera kuno kudzakhala ndi amuna anga a Bwanali, nkhondo ya azungu ili mkati, panali njira ziwiri zokha zopingasana. Ina inkachokera ku Chilwa, yodzera anthu a nsomba, ina inkalunjika ku boma. Pambali pake panali kamzikiti ka udzu, sitolo imodzi yomwe inkatsegulidwa mwini wake akafuna, ndi khonde lathu pomwe a Bwanali ankasokera zovala. Kwina konseko linali dambo la dothi lakuda, lopanda mtengo woti ngakhale galu abisale dzuwa. Anthu onse a pamalopo tikanakwana pa mphasa zowerengeka. Dzina langa ndine Katija, ngakhale ambiri ankanditchula mayi a Saumu potengera mwana wanga woyamba, ndipo ndikufuna kunena za munthu amene ndinakangana naye kuposa wina aliyense pa moyo wanga, a Eneya.

A Eneya anali Mlomwe wa kutsidya. Anadutsa malire ali mnyamata, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nakagwira zaka zambiri ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ku nazale kumene amafesa mbewu ndi kulera mbande. Anakwatira ku Kaduya ndipo anakhala chikamwini kwa mkazi wawo, a Lily. Mkaziyo atamwalira, akuchikazi anadikira kuti zonse za maliro zithe, kenaka anawasudzula monga amachitira ndi mkamwini aliyense. Anawathokoza, anawapatsa khasu lawo ndi mphasa yawo, nawauza kuti tsopano ndi omasuka kubwerera kwawo. Palibe amene anawachitira nkhanza, mwambo ndi umenewo. Koma kwawoko kunali kuti? Mudzi umene anabadwiramo unabalalika kalekale, ndipo a Eneya sankadziwa ngakhale mbale mmodzi amene anatsalako. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Eveles, anali wa amalume ake, choncho anatsala ku Kaduya komweko.

Anafika pa khonde lathu ndi malaya ong'ambika paphewa kuti awaikire chigamba. Malaya atatha iwo sananyamuke. Mawa lake anabweranso opanda choti asoketse, nakhala pamalo pomwepo, manja ali pamaondo. A Bwanali anali munthu wosatha kuona mnzake atakhala duu kawiri osamufunsa, ndipo atamva nkhani yonse anapita nawo kwa anyakwawa kukapempha malo. Anapatsidwa kachigawo ka m'mphepete mwa dambo, komwe aliyense ankakakana chifukwa nthawi ya dzinja matope ake ankavula munthu nsapato, kwa amene anali nazo.

Nkhani imayenda pa njinga za anthu a nsomba. Pasanapite nthawi kunabwera a Howard, amene anaphikira mzungu wa ku esiteti mpaka maso anayamba kuchita khungu. Kunabwera a Julius, msilikali amene pobwera ku nkhondo ndi mwendo wotsimphina anapeza mkazi wawo atakwatiwa ndi wina. Kunabweranso alonda opuma ntchito, otchola tiyi amene misana inawakana, ndi akamwini ena osudzulidwa. Onse anali amuna okhaokha, okalamba, ndipo ambiri anali ochokera kutsidya. Anamanga tinyumba tawo mu mzere umodzi, ndipo anthu anatcha malowo Kumasiye. Poyamba linali dzina lowaseka, koma eni ake analitenga n'kumalitchula monyadira.

Ndinkawakonda akuluakulu amenewo, ngakhale sindinkawauza. Ankaluka madengu ndi miono, kuwotcha makala pang'ono, ndi kukangana tsiku lonse kuti ndani anagwirapo pansi pa kapitawo woipitsitsa. Kuphika ndiye kunali chisoni. Kalongonda, nyemba zija zoopsa zikapanda kupsa bwino, ankamudziwa, ankamuwiritsa ndi kutaya madzi ake moleza mtima kuposa mkazi aliyense, koma china chilichonse chikalowa mumphika wawo chinkatuluka chakuda. Nthawi zina ndinkawatumizira ndiwo, ndipo ndinkawauza kuti si chifundo ayi, koma ndatopa ndi fungo la zopserera lomwe mphepo inkabweretsa kwathu.

Woyamba kumwalira anali a Howard. Apa m'pamene tinazindikira chinthu chimene tonse sitinachiganizire, chakuti Kumasiye kunalibe manda. Manda ndi a mudzi, ndipo mudzi ndi wa anthu a mimba imodzi. Anzawo ananyamula uthenga kupita ku mudzi wapafupi, kumeneko anati munthuyo sakumudziwa. Anapita kwina, kumenekonso anafunsa kuti amalume ake ndani. Mtembo unagona m'nyumba kupitirira nthawi yake, kunja kukutentha. Pomaliza mudzi wina unachita chifundo, koma unaloza malo kunja kwa nkhalango ya manda, pafupi ndi chulu, komwe amaikako alendo ofera panjira.

Pobwera kumeneko a Eneya sanapite kwawo. Anakhala pa khonde lathu, fumbi lili mpaka m'maondo. Chinyanja chawo chinali chopendekera ku Chilomwe, ndipo akakhumudwa chinkapendekera kwambiri.

"A Bwanali," anatero, "munthu waphikira anthu moyo wake wonse, ndiye timuyanike padzuwa ngati makaka a chinangwa?"

"Nanga tikanatani, achimwene? Malo ndi a eni ake."

"Ine sindidzagona pamtetete. Ngakhale anzanga aja. Tidzagona pamthunzi ngati anthu."

Ine ndinaganiza kuti ndi mawu a chisoni chabe, oti akagona aiwala. Sindinkawadziwa bwino nthawi imeneyo.

Sabata yotsatira anayenda ulendo wa ku tsinde la phiri la Michesi, nabwerako ndi thumba la njere za mbawa ndi mitengo ina ya m'mbali mwa mtsinje. Kuseri kwa nyumba yawo anamanga kachisakasa, anapanga timiphika ta makungwa a nthochi, nathiramo dothi losakaniza ndi mchenga ndi ndowe, monga ankachitira ku nazale. Anapitanso kwa anyakwawa kukapempha kamtunda kena kuseri kwa Kumasiye. Anyakwawa atamva chimene ankafuna kuchitapo anaseka mpaka kutsokomola, koma anawapatsa. Mvula itagwa, a Eneya anatenga chingwe chomanga mfundo, anachikoka kuchokera uku mpaka uko, nayamba kubzala, mfundo iliyonse mtengo wake.

Mphambano yonse inatekeseka. Manda sabzalidwa. Nkhalango imakhalapo kale, anthu n'kuisankha imfa ikabwera. Kukonza manda anthu onse ali moyo kunali ngati kuyala mphasa n'kuitana maliro kuti adzakhalepo. Amayi anasiya kudzera njira ya kumeneko popita kukatunga madzi. Ena ankanong'ona kuti mkuluyo ndi mfiti. Ngakhale anzawo a Kumasiye sanakondwe, ndipo a Julius anawalondola ndi ndodo yawo mpaka pa chingwe pomwepo.

"Ine zipolopolo zinandiphonya kutali uko," anatero a Julius, "ndiye inu mukundikonzera pogona ndisanadwale n'komwe?"

"Mtengo sukula tsiku limodzi, a Julius. Mukafuna mthunzi wabwino, musafulumire kufa."

A Julius anatukwana m'chinenero cha ku usilikali, koma mawa lake tinawaona akuthandiza kudula minga yotchingira mbande.

Tsono apa m'pamene ndinalowerapo ine, kapena ndinene kuti mbuzi zanga. Ndinali ndi mbuzi zabwino, zonenepa, zosamva za munthu. Tsiku lina masana zinapeza pomwe minga inali yochepa, zinalowa, n'kukafika pakati penipeni pa mundawo. Pamene ndinkazipeza zinali zitadya mbande zingapo zoyandikana mpaka kutsinde, zina kuzizula ndi mizu yomwe. A Eneya anafika ndisanatuluke. Anayang'ana malowo, anayang'ana mbuzi, kenaka anayang'ana ine.

"Mayi a Saumu, mbuzi zanuzi simuzidyetsa kwanu?"

"Mbuzi imadya chimene yapeza, bambo. Mukanatchinga bwino."

"Zadya manda a anthu."

"Zadya masamba. Manda ake ati, muli munthu m'menemu?"

Tinakangana mpaka a Bwanali anasiya kusoka kubwera kudzatilekanitsa. Ine sindinapepese, ndipo mpaka lero ndimati mpanda wawo unali wofooka. Iwonso sanaiwale. Kuyambira tsiku limenelo, tikakumana panjira, asanandipatse moni ankayamba afunsa ngati mbuzi zakhuta. Mitengo itayamba kukula, malo aja anatsala poyera, mzere utaduka pakati. Ndinkawauza kuti abzalepo ina nkhani ithe, koma ankakana, ati akufuna aliyense wodutsa aziona ntchito ya mbuzi za Katija. Ndinkaganiza kuti ndi khalidwe la nkhalamba yosunga mangawa.

Chaka cha 1949 mvula inaleka kugwa chimanga chisanamasule, ndipo njala yake sindikufuna kuifotokoza yonse. Zitsime zinauma, tinkakumba mumchenga wa mtsinje n'kumadikira madzi adonthere m'chikho. M'mawa wina ndinapeza a Eneya akuchokera kumeneko ndi chipanda chawo, osalowera kunyumba koma ku mitengo. Ndinawaimitsa panjira.

"Madzi amene ana akulimbirana, inu mukukamwetsa mitengo ya akufa?"

"Awa ndi madzi anga akumwa, mayi a Saumu. Sindinalande a munthu. Ndikungogawana nayo."

Milomo yawo inali yong'aluka, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Ndinawanena kuti ndi chitsiru chokalamba. Madzulo ake ndinatumiza madzi otsukira mbale, amene ndikanataya, kuti akathire pa mitengo yawoyo.

Akuluakulu a Kumasiye anapulumuka ndi chinangwa, chimene Mlomwe sasiya kubzala ngakhale anzake amuseke. Anali ndi makaka m'madenga mwawo, ndipo anthu amene kale ankalambalala njira yawo anayamba kufika pakhomo ndi malichero. Sanabweze munthu. Ena mwa obwerawo anachokera kutali, ndipo njala itatha sanabwerere, anamanga m'mbali mwa msewu. Umu ndi mmene Mphambano inayambira kukhala ndi anthu oti ukakumana nawo n'kufunsa dzina.

Patapita zaka zingapo a Julius anadwala chifuwa, namwalira. Mitengo inali itapitirira denga la nyumba, ndipo pansi pake panali mthunzi weniweni. A Eneya anatumiza uthenga kwa adzukulu a mudzi wapafupi, amene ntchito yawo ndi kukumba manda a anzawo, koma iwo anakana. Anati sangakhale oyamba kuboola dothi la manda oitanira. A Eneya anabwera pa khonde lathu ndi khasu m'manja. Kumasiye kunalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kukumba dzenje lofika m'chiuno. Zikanakanika tsiku limenelo, a Julius akanapita ku chulu kuja, ndipo zaka zonse za a Eneya zikanapita pachabe.

A Bwanali anaphimba makina awo osokera ndi nsalu, napita ku mzikiti. Sindikudziwa zimene anakambirana ndi a mwalimu, koma anatuluka ndi amuna amphamvu angapo, makasu ali paphewa. Ife akazi achisilamu sitifika kumanda, choncho ndinatsala ndikuphika. Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Amuna anga anabwera manja atatuluka matuza, akuseka uku akudandaula.

"Mkulu uja anabzala manda ngati tiyi," anatero. "Mitengo ili mothithikana, mizere yake yowongoka bwino, koma sanasiye poti munthu agone. Paliponse ukaponya khasu ndi muzu. Tinachita kukabwereka nkhwangwa."

Nditawafunsa a Eneya pambuyo pake, anakanda m'mutu. Anati chingwe chija chinali cha ku esiteti, ndipo manja anangochita zimene anazolowera. Zaka zonsezo ankaganiza za mthunzi wa pamwamba, za mizu ya pansi sanaziganizire. Ndinawaseka kwa mwezi wathunthu, ndipo ndinaona kuti ngongole ya mbuzi yachepako.

Koma a Julius anagona pamthunzi. Ndipo popeza tsopano munali munthu m'menemo, malowo anasanduka manda enieni. Maliro otsatira adzukulu anabwera okha, atanyamula nkhwangwa, akung'ung'udza njira yonse. Mpaka lero adzukulu a kuno amadziwika ndi kunyamula nkhwangwa patsogolo pa khasu.

Tsiku lina kunafika mayi wamtali, mwana kumbuyo, wina akumugwira chitenje, nafunsa pa khonde lathu za a Eneya. Nditamuyang'ana pamphumi ndinaona a Eneya enieni, ndipo ndinadziwa kuti ndi mwana wawo uja, Eveles. Ndinaitanitsa bambo ake, ndipo anakumana pomwepo ine ndikuona. A Eneya anangokhala pansi. Eveles anagwada, nafotokoza chimene anadzera. Amalume ake aakulu anali atamwalira, tsopano mawu a Eveles ankamveka pamudzi, ndipo abale anavomera kuti bambo ake abwerere ku Kaduya. Adzawasamalira, ndipo tsiku lawo likadzafika adzawaika pafupi ndi a Lily.

Ndinkadziwa kuti mkuluyo analira mwana ameneyu zaka zonse. Munthu wa nsomba aliyense wodzera ku Kaduya ankamufunsa ngati wamuona. Choncho nditaona kuti sakufulumira kuvomera ndinalephera kupirira.

"Bambo, nyamukani muzipita. Mwana wabwera yekha kudzakutengani, mukufunanso chiyani?"

Sanandiyankhe ine, anayankha mwana wawo.

"Mwanawe, wachita bwino, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Koma kumene kuja ndinatulukako ndi mphasa pamutu. Ndikabwerera ndikakhala munthu wochitiridwa chifundo, ndipo pogona panga padzakhala popempha. Kuno ndinauza anzanga kuti tidzagona pamodzi. Ena agona kale chifukwa anandikhulupirira. Ndiwasiye ndi ndani?"

Eveles anachonderera, kenaka anakwiya, ndipo anachoka osatsanzika. Ine ndinakhala masiku osawalankhula a Eneya. Ndinkaona kuti asankha mitengo m'malo mwa mwana, ndipo zinandipweteka ngati mwanayo ndi wanga. Iwo anaonda, anasiya ngakhale kufunsa za mbuzi.

Anthu atakolola, tinaona ngolo ikubwera kuchokera njira ya ku Kaduya, itasenza mitondo, miphika ndi nkhuku m'chitete. Eveles anali kutsogolo, mwamuna wake kumbuyo akuyendetsa ng'ombe. Anati ngati bambo ake ali ouma mutu, iyenso anatengera komweko. Anamanga kumapeto kwa mzere wa Kumasiye, ndipo chaka chisanathe kunamveka kulira kwa khanda kumalo kumene kunali kusanabadwirepo munthu. Nkhalamba zija zinkalimbirana kunyamula mwanayo, zina zosadziwa n'komwe kuti mutu umagwiridwa bwanji. Kuno kwathu mwana wamkazi akakhazikika pamalo, amuna amabwera okha kudzakwatira, ndipo ana aakazi a Eveles anachita zomwezo. Theka la anthu amene mukuwaona kuseri kwa msika ndi a mimba imeneyo. Akuluakulu opanda kwawo sanasiye kubwera, koma tsopano ankapeza woti awatungire madzi.

A Eneya anakhala ndi zidzukulu zawo zaka zochepa zokha. Atadwala matenda omaliza anatuma Eveles kuti andiitane. Ndinawapeza atagona pakhonde, atawafunditsa bulangete ngakhale kunali kotentha. Ndinakhala pambali, ndipo anatsegula diso limodzi.

"Mbuzi zakhuta, mayi a Saumu?"

"Zakhuta, bambo."

"Sindinazikhululukire."

"Nanenso sindinapepese."

Anaseka pang'ono, chifuwa chinawagwira, ndipo Eveles anabwera ndi madzi. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene tinalankhulana.

Tsiku la maliro kunabwera anthu ochuluka kuposa amene ndinawaonapo pa Mphambano. Kunali a tchalitchi, a ku mzikiti, a ku Kaduya, ngakhale a mudzi uja umene unaloza a Howard pa chulu. Adzukulu anafika m'mawa ndi nkhwangwa zawo zonola, akuuzana kuti lero mwini mizu awalipiritsa thukuta. A Bwanali, ngakhale anali atakula, anapita nawo. Ine ndinaperekeza mpaka pa mpanda wa minga, n'kuima kunja pamodzi ndi akazi anzanga. Chondidabwitsa chinali chakuti m'mawa wonse sindinamve nkhwangwa ikulira.

Atatuluka, a Bwanali anabwera pomwe ndinaima. Anati Eveles anawatsogolera mkati, pakati penipeni, pomwe bambo ake anamulozera asanagone. Pamalopo mzere unali woduka, panali poyera pokwana munthu mmodzi, mitengo itazungulira mbali zonse ndipo nthambi zake zitakumana pamwamba. Dothi lake linali lofewa ngati la m'dimba. Eveles anawauza kuti chaka chilichonse, mvula ikayamba, bambo ake ankapita okha kukalimapo mozama ndi kudula mizu iliyonse yolowerera. Tonse tinkaganiza kuti amapita kukapalira.

"Nkhwangwa tabwerako nazo osazigwiritsa ntchito," anatero a Bwanali. "Ukudziwa malo ake?"

Ndinkawadziwa. Ndinaimapo ndi mbuzi zanga tsiku lija, mitengo isanafike m'maondo. Zaka zonsezo mkuluyo ankandinena chifukwa cha mpata umenewo pamaso pa anthu, chikhalirecho anali atausunga kuti ukhale pogona pake. Ndinauza a Bwanali kuti ndiye kuti mbuzi zanga zinali ndi nzeru kuposa amuna onse a pa Mphambano. Nditatero ndinakhala pansi pomwepo pafupi ndi minga n'kulira.